Mmene Laibulale ya Anthu Onse Ingakonzekerere Ngozi Zachilengedwe ndi Zoyenera Kuchita Zikagwa

Buku likanyowa n'kusiyidwa pamalo ofunda opanda mphepo, nkhungu imayamba kumera pamasamba ake pakangotha maola 48 mpaka 72, ndipo ikayamba imafalikira m'mashelefu mofulumira kwambiri moti anthu ochepa ogwira ntchito mulaibulale sangathe kuigonjetsa. Masiku awiri kapena atatu amenewa ndi omwenso misewu imakhala itaduka, magetsi atazima, mafoni asakugwira, ndipo ena mwa ogwira ntchito amakhala ali kalikiliki kusamalira mabanja awo amene nawonso akhudzidwa. Imeneyo si nthawi yoyamba kufunsana kuti makiyi ali ndi ndani, tiyambe kupulumutsa chiyani, kapena ndani avomereze ndalama zogulira makatoni. Mafunso onsewa ayenera kuyankhidwa kunja kukadali bata, ndipo mayankho ake alembedwe.

Zambiri zimene oyang'anira malaibulale amadziwa lero pa nkhaniyi anaziphunzira movutikira. Pa 4 November 1966 mtsinje wa Arno unasefukira mumzinda wa Florence ku Italy, ndipo madzi osakanikirana ndi matope komanso mafuta analowa mu Biblioteca Nazionale Centrale, imene ili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinjewo, n'kuwononga mabuku, nyuzipepala ndi zolemba zina zoposa miliyoni imodzi. Achinyamata ochokera m'mayiko ambiri anakhamukira kumeneko kukathandiza, koma panalibe njira yodziwika yopulumutsira mabuku ochuluka chotero pa nthawi imodzi, moti ntchito yowakonza inatenga zaka makumi angapo. Njira zimene zafotokozedwa m'munsimu zinakula kuchokera pa zimene akatswiri anaona kumeneko komanso pa ngozi zina zimene zinatsatira.

Yambani ndi kuidziwa bwino nyumba yanu

Ngozi zimene zingagwere laibulale zimadalira malo amene nyumbayo ili, choncho ntchito yoyamba ndi kufufuza zimene zinachitikapo m'deralo. Funsani ku khonsolo kapena ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ngati ali ndi mapu osonyeza malo amene madzi amasefukira, funsaninso anthu amene akhala m'deralo nthawi yaitali kuti madzi anafikapo pati, ndipo musaiwale kuti nyuzipepala zakale zimene zili mulaibulale mwanu momwemo zimasunga mbiri imeneyi. Mukatero yenderani nyumba yonse muli ndi kope m'manja. Ndi bwino kuchita zimenezi kamodzi mvula yamphamvu ikugwa, chifukwa ndi pamene mumaona ndi maso anu pamene denga likudontha, ngalande imene yatsekeka ndi masamba, ndi khomo limene madzi a pabwalo amalowera. Onani mapaipi amene akudutsa pamwamba pa mashelefu, mitengo imene nthambi zake zalendewera padenga, komanso ngati bokosi lalikulu la magetsi lili pamalo oti madzi angafikepo.

Chipinda chapansi pa nthaka ndi malo oopsa kuposa ena onse, ngakhale kuti ndi kumene malaibulale ambiri amakonda kuunjikako zinthu zakale chifukwa cha kuchepa kwa malo. Mu July 1997 madzi osefukira analowa m'chipinda chotero mu Morgan Library ku Colorado State University, ku United States, pa nthawi imene mabuku ndi magazini ambirimbiri anali atasamutsidwirako chifukwa nyumbayo inkakonzedwa, ndipo mabuku mazana a zikwi anamira. Chinthu chilichonse chimene simungachipezenso chisakhale pansi pa nthaka, ndiponso chisakhale m'makatoni oikidwa pasimenti. Shelefu yam'munsi ikhale masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, pakuti madzi ambiri amene amalowa m'nyumba safika pamwamba kuposa apo.

Kumadera a zivomezi mashelefu aatali amangiriridwe kukhoma ndi pansi, ndipo amene ali pakati pa chipinda alumikizidwe pamwamba ndi zitsulo kuti imodzi ikagwa isagwetse inzake. Apa pali kusemphana kumene muyenera kukuganizira bwino. Malangizo a chivomezi amati mabuku olemera akhale m'munsi, pamene malangizo a madzi amati m'munsi ndi mmene muli ngozi. Njira yabwino ndi kuika m'munsi mabuku olemera amene angagulidwenso, ndipo zinthu zosowa zikhale m'mabokosi otseka, pamashelefu a pakati okhala ndi kampanda kotchinga kuti bokosi lisatsetsereke.

Moto wolusa wa m'tchire nawonso ndi wofunika kuukumbukira. Pa 18 April 2021 moto umene unabuka m'phiri la Table Mountain unafika pa University of Cape Town n'kutentha chipinda chachikulu chowerengera cha Jagger Library, ndipo zinthu zimene zinali m'zipinda zapansi zinapulumuka kumoto koma zambiri zinanyowa ndi madzi ozimitsira. Lambulani udzu ndi zitsamba kuzungulira nyumba, chotsani masamba ouma m'ngalande za padenga, ndipo dziwani kuti moto ukazimitsidwa ntchito imene imatsala nthawi zambiri imakhala yopulumutsa mabuku onyowa.

Sankhani pasadakhale zimene mudzapulumutse

Gawo limeneli ndi lovuta kwa munthu wokonda mabuku, komabe ndi limene lili ndi phindu lalikulu. Mabuku ambiri a mulaibulale ya anthu onse, monga a nthano, a sukulu ndi a ana, alipo m'malo ena ndipo angagulidwenso, nthawi zina pa mtengo wotsika kuposa wowaumitsa ndi kuwakonza. Chuma chenicheni chimene chingatayike kotheratu ndi mbiri ya deralo: nyuzipepala zakale, zithunzi, mapu, makalata ndi zolemba pamanja, mawu ojambulidwa a anthu achikulire, malipoti a khonsolo, ndi mabuku amene anasindikizidwa ochepa, makamaka a m'zilankhulo zimene zilibe mabuku ambiri. Onjezanipo zinthu zimene mwabwereka kumalo ena, chifukwa muli ndi udindo wozibweza.

Lembani mndandanda wa zinthu zimenezi motsatira kufunika kwake, ndipo ukhale waufupi. Mndandanda umene ukutchula theka la laibulale suthandiza munthu amene wapatsidwa mphindi 20 zokha zolowera m'nyumba. Dzifunseni kuti anthu awiri anganyamule chiyani pa maulendo ochepa, ndipo zimenezo zikhale pamwamba pa mndandanda. Jambulani mapu a m'kati mwa nyumba osonyeza pamene zili, ndipo mata tizizindikiro tonyezimira pamashelefu akewo kuti munthu wa tochi aziona mumdima. Mapu amenewa asapachikidwe poyera, chifukwa akhoza kulozeranso akuba pamene pali zinthu zamtengo wapatali.

Kaundula wa mabuku ndi wa owerenga ndi wofunika mofanana ndi mabuku enieniwo, popeza popanda iye simungadziwe zimene zatayika, zimene zili kwa obwereka, kapena zimene mungauze a inshulansi. Lamulo limene akatswiri a makompyuta amatsatira ndi losunga makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumbayo, kutali ndithu moti madzi omwewo kapena chivomezi chomwecho sichingafikeko. Yesani kamodzi pa chaka kubwezeretsa kaundula kuchokera pa kope limenelo, chifukwa kope limene silinayesedwepo likhoza kupezeka kuti ndi lopanda kanthu pa tsiku limene mukulifuna. Popeza kaundula wa owerenga ali ndi mayina ndi malo okhala anthu, kope lililonse litetezedwe ndi mawu achinsinsi. Zithunzi ndi zolemba zosowa zijambulidwe pakompyuta pang'onopang'ono, kuyambira ndi zimene zili pamwamba pa mndandanda uja.

Werenganinso mgwirizano wanu wa inshulansi mofatsa, chifukwa nthawi zambiri madzi osefukira ndi chivomezi sizikhala m'gulu la ngozi zolipiridwa pokhapokha zitawonjezeredwa padera. Jambulani zithunzi za chipinda chilichonse chaka ndi chaka n'kuzisunga pamodzi ndi kope lakutali lija.

Ndondomeko yolembedwa, anthu ake ndi zipangizo zake

Malaibulale ena amakhala ndi chikalata chachikulu cha ndondomeko ya ngozi chimene chimangokhala mukabati ya mkulu wa laibulale, ndipo tsiku la ngozi kabatiyo imakhala m'madzi. Chikalata chachitali chili ndi ntchito yake, koma pambali pake pakhale pepala limodzi lopindika, loti wogwira ntchito aliyense aziyenda nalo m'chikwama ndipo lina asunge kunyumba. Papepalapo palembedwe manambala a foni a ogwira ntchito onse ndi dongosolo la yemwe aziimbira mnzake, manambala a ozimitsa moto, apolisi, a magetsi, a madzi ndi a inshulansi, malo ozimitsira magetsi ndi otsekera madzi, amene ali ndi makiyi, malo okumanirana mukatuluka m'nyumba, ndi zinthu zoyamba kupulumutsa. Palembedwenso momveka bwino dzina la amene ali ndi mphamvu yotseka laibulale ndi yogwiritsa ntchito ndalama mwadzidzidzi, komanso womulowa m'malo ngati iye sakupezeka.

Pitani kukadziwana ndi anthu amene mudzawafune tsiku la ngozi lisanafike. Itanani ozimitsa moto kuti adzayendere nyumbayo ndi kuona pamene pali zinthu zosowa. Pemphani kuti laibulale izikhala nawo pa misonkhano ya komiti yoona za ngozi m'deralo, kuti akuluakulu adziwe zimene laibulale ingathandize nazo ndi zimene singathe. Fufuzani kampani imene ili ndi zipinda zikuluzikulu zoundanitsira katundu, kapena magalimoto okhala ndi firiji, mmene mungadzaundanitsire mabuku onyowa kuti asapitirire kuwonongeka, ndipo gwirizanani nawo molemba. Gwirizananinso ndi malaibulale ndi nyumba zosungira zinthu zakale zimene zili pafupi kuti muzibwerekana anthu ndi zipangizo, koma pakhalenso mnzanu mmodzi wa kudera lakutali, chifukwa namondwe akawomba oyandikana nawo onse amakhala pa mavuto omwewo.

Zipangizo zikhale m'mabokosi apulasitiki otseka bwino, pamalo okwera, pafupi ndi khomo. Muikemo malona kapena mapepala aakulu apulasitiki odulidwa kale molingana ndi kutalika kwa mashelefu, tepi yomatira, sizasi, matochi ndi mabatire, magolovesi, nsapato za jombo, zotchinga kukamwa ndi mphuno za mtundu wa N95, mapepala opukutira osalembedwa kanthu, mapepala a phula olekanitsira mabuku, zolembera zosafufutika ndi madzi, makope, zidebe, zokolopera, zingwe zazitali za magetsi, ndi kachipangizo koyezera chinyontho cha mumpweya. Makireti apulasitiki okhala ndi mabowo ndi abwino kuposa makatoni, amene amasungunuka akanyowa. Munthu mmodzi apatsidwe udindo woyang'ana mabokosiwa kawiri pa chaka, chifukwa mabatire amatha mphamvu ndipo zinthu monga tepi ndi tochi zimabwerekedwa osabwezedwa.

Yesererani. Tengani mabuku amene mwawachotsa kale m'kaundula, anyikeni m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa mwake aliyense anyamule, apakire ndi kuyanika. Munthu amene wagwirapo buku lonyowa n'kumva mmene limalemerera, ndi kuona tsamba likung'ambika pongolikhudza, sadzaiwala kuligwira ndi manja awiri. Yesereraninso kutulutsa anthu m'nyumba pa nthawi imene muli owerenga, mukuganizira ana amene abwera okha, okalamba, anthu oyenda pa njinga za olumala, ndi amene samva kapena saona. Moyo wa munthu ndiye woyamba pa chilichonse, ndipo palibe buku limene wogwira ntchito ayenera kubwerera m'nyumba kukalitenga. Pa 11 March 2011 madzi a tsunami anasesa mzinda wa Rikuzentakata ku Japan, laibulale ya mzindawo inawonongeka ndipo ogwira ntchito ake anataya miyoyo. Laibulale iliyonse ya m'mphepete mwa nyanja kapena m'chigwa iyenera kudziwa njira yopita kumtunda, ndipo ogwira ntchito aiyende ndi miyendo yawo kuti adziwe mphindi zimene imatenga.

Chenjezo likaperekedwa

Namondwe ndi madzi a mitsinje ikuluikulu nthawi zambiri zimapereka tsiku limodzi kapena awiri okonzekera. Samutsirani pamwamba zinthu za pa mndandanda uja, chotsani mabuku m'mashelefu a m'munsi ndi a pafupi ndi mawindo, phimbani mashelefu ndi pulasitiki, zulani makompyuta kumagetsi n'kuwakweza pamatebulo, tengani kope latsopano la kaundula, ndipo lowetsani m'nyumba chilichonse cha pabwalo chimene mphepo ingaulutse. Lengezani kuti masiku obwezera mabuku aimitsidwa, palibe chindapusa, ndipo obwereka asunge mabuku kunyumba kwawo mpaka mutawauza, pakuti mabuku amene amwazikana m'nyumba zambiri sangawonongeke onse pamodzi. Tsekani bokosi lobwezeramo mabuku lakunja, kenaka tsekani laibulale nthawi ikadalipo kuti ogwira ntchito akafike kwawo misewu isanaduke. Madzi othamanga akuya masentimita 15 okha amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amatha kukokolola galimoto yaing'ono.

Chivomezi sichichenjeza. Chikayamba, aliyense agwade, alowe pansi pa tebulo lolimba n'kugwiritsa mwendo wake, kutali ndi mashelefu ndi magalasi, ndipo atuluke kugwedezeka kukasiya.

Maola oyamba mutaloledwa kulowanso

Musalowe m'nyumba mpaka ozimitsa moto kapena injiniya atanena kuti ndi yotetezeka, magetsi atazimitsidwa pa bokosi lalikulu, ndipo palibe fungo la gasi. Lowani awiriawiri mutavala zodzitetezera, ndipo aliyense wogwira ntchito m'matope akhale woti analandira katemera wa kafumbata. Musanasunthe kanthu jambulani zithunzi za chipinda chilichonse ndi mzere umene madzi anasiya pakhoma, kenaka dziwitsani a inshulansi. Samalani ndi mashelefu, chifukwa buku limatha kumwa madzi oposa theka la kulemera kwake ndipo limafufuma, moti shelefu ikhoza kupindika kapena kulavula mabuku pa munthu amene waima pansi pake.

Ntchito yoyamba ndi ya nyumba yeniyeniyo. Tsekani pamene madzi akulowera, popani kapena kololani madzi otsala, tulutsani makapeti ndi mipando yonyowa, ndipo yendetsani mphepo usana ndi usiku ndi mafani kapena potsegula mawindo ngati kunja kuli kouma. Musatenthetse chipinda poganiza kuti mabuku auma msanga, chifukwa kutentha pamodzi ndi chinyontho ndi kumene nkhungu imafuna. Cholinga chanu chikhale chipinda chozizira chimene chinyontho chake chatsika pansi pa 60 peresenti.

Mukatero gawani mabuku. Ouma atuluke m'chipinda chonyowa kapena atetezedwe kuti asayambe kumwa chinyontho. Onyowa m'mphepete mokha angayanikidwe pomwepo. Onyoweratu, ngati ali ofunika, apite kukaundanitsidwa. Amene akhudzidwa ndi madzi a m'zimbudzi kapena mafuta, ngati ndi oti angagulidwenso, alembedwe m'kope, ajambulidwe ndipo atayidwe, makamaka mabuku a ana, amene amagwiridwa kenaka zala n'kupita m'kamwa. Chigamulo chotaya chimapweteka, koma ola lililonse limene lathera pa buku lopezeka paliponse lalandidwa kwa nyuzipepala yakale imene kope lake ndi lomwelo basi.

Buku lonyoweratu musalitsegule, musalifinye, ndipo limene mwalipeza lotsegula musalitseke mokakamiza. Linyamuleni mmene liliri ndi manja awiri. Matope musawapukute, chifukwa kupukuta kumawalowetsa m'pepala. Buku lotseka lingatsukuluzidwe mofatsa m'madzi oyera mutaligwira kuti lisatseguke, koma zolemba pamanja ndi chilichonse chimene inki yake ikusungunuka zisalowenso m'madzi, ndipo matope otsala adzachotsedwe ndi burashi yofewa zitauma. Popakira m'kireti, kulungani buku lililonse ndi pepala la phula kuti zikuto zisamatirirane, liikeni msana wake uli pansi, mzere umodzi wokha popanda kusanjikiza, ndipo lembani nambala pa kireti ndi zimene zili m'katimo.

Kuundanitsa sikuumitsa buku ndipo sikupha nkhungu. Chimene kumachita ndi kuimitsa kuwonongeka konse pomwe kwafikapo, kuti inki isapitirire kuyenderera ndipo nkhungu isakule, ndipo mukatero mumakhala ndi miyezi yoganiza mofatsa m'malo mwa masiku awiri. Kuzizira kwake kukhale -18°C kapena kutsika kuposa apo, ndipo kuundana kukachitika mofulumira pepala silivulala kwambiri. Madzi atasefukira mumzinda wa Prague ku Czech Republic mu August 2002, mabuku ndi zikalata zochuluka zinapulumuka chifukwa zinatumizidwa msanga ku mafakitale oundanitsira katundu, ndipo zinaumitsidwa pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Mabuku oundana angatumizidwe kwa akatswiri amene ali ndi makina ochotsa mpweya, mmene madzi oundana amasanduka nthunzi osadutsa pa kusungunuka, kapena mungawatulutse ochepaochepa n'kumawayanika nokha. Mabuku a mapepala onyezimira, monga a zithunzi ndi magazini, ndiwo ayenera kufika mufiriji poyamba, akadali onyowa, m'maola ochepa oyambirira, chifukwa masamba ake akayamba kuuma amamatirirana ngati njerwa ndipo sangalekanitsidwenso.

Kuyanika kumafuna malo aakulu, matebulo ndi anthu opirira. Yalani mapepala omwa madzi patebulo, imikani buku lonyowa pang'ono chilili, masamba ake atatambasulidwa pang'ono, ndipo mafani aziyendetsa mpweya wa m'chipinda osalunjika pa mabuku. Buku lonyowerapo liikidwe mapepala oyera omwa madzi pakati pa masamba 20 alionse kapena chapompo, koma musachulutse mpaka msana wake kuthyoka. Mapepalawo asinthidwe akanyowa, ndipo posintha muziwaika pa masamba ena ndi kutembenuza bukulo kuti kumene kunali pansi kukhale pamwamba. Musayanike padzuwa kapena pafupi ndi moto. Buku likatsala pang'ono kuumiratu, litsekeni, ligonekeni ndi kulitsindika ndi chinthu cholemera pang'ono kuti liwongoke. Ikani dzanja m'kati, pafupi ndi msana, ndipo ngati mukumva kuzizira ndiye kuti chinyontho chikadalimo.

Zithunzi zilekanitsidwe zikadali zonyowa, zitsukuluzidwe m'madzi oyera ozizira ngati zili ndi matope, ndipo ziyanikidwe chimodzichimodzi nkhope yake ikuyang'ana kumwamba, popanda kukhudza pamwamba pake. Zithunzi zakale kwambiri za pagalasi kapena pachitsulo zisaikidwe mufiriji, ndipo zimenezi mufunse katswiri. Mapu ndi mapepala aakulu anyamulidwe atagona pa bolodi. Kompyuta imene yanyowa isayatsidwe ngakhale pongofuna kuona ngati ikugwira ntchito.

Mukaona nkhungu, patulani mabukuwo nthawi yomweyo n'kuwapititsa kuchipinda china. Nkhungu yaiwisi isapukutidwe. Iyambe yauma mpaka kusanduka fumbi, ndipo ichotsedwe panja ndi burashi, wochotsayo atavala chotchinga kukamwa ndi magolovesi. Anthu a mphumu ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chofooka asagwire ntchito imeneyi.

Tsegulani msanga, ngakhale pamalo ena

Pamene ena akupulumutsa mabuku, ena akhale akuganiza za anthu amene ali kunja kwa chitseko. Namondwe wa Katrina atawononga mzinda wa New Orleans ku United States ndi madera ozungulira mu August 2005, anthu ambirimbiri othawa kwawo anadalira makompyuta a m'malaibulale a m'mizinda imene anathawirako polemba mafomu opempha thandizo la boma ndi pofunafuna abale awo, ndipo patapita zaka zingapo bungwe la boma la dzikolo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lotchedwa FEMA, linaika malaibulale m'gulu la ntchito zofunikira zimene zingathandizidwe kupeza malo ogwirira ntchito mongoyembekezera. Namondwe wa Sandy atadutsa mu October 2012, Queens Library ku New York inatumiza basi yake ya mabuku kudera la Rockaways kumene nthambi zina zinawonongeka. Ku Christchurch, ku New Zealand, laibulale yaikulu inatsekedwa chivomezi cha pa 22 February 2011 chitachitika, ndipo nyumba yatsopano yotchedwa Tūranga inatsegulidwa mu October 2018, koma pa zaka zonse za pakatipo anthu ankathandizidwa m'malo ang'onoang'ono ongoyembekezera. Akanati adikire nyumba yatsopano, ana amene anali kuyamba sukulu pa nthawi ya chivomezi akanakula osadziwa laibulale ya pakati pa mzinda wawo.

Zimene anthu amafuna m'masiku oyamba n'zosavuta kuzitchula: potchajira foni, intaneti, makina osindikizira ndi okopera zikalata, munthu wowathandiza kulemba mafomu, madzi akumwa, chimbudzi, ndi malo abata okhala ana pamene makolo akuthamanga ndi zina. Amafunanso uthenga wodalirika, ndipo apa ndi pamene luso la woyang'anira laibulale limaonekera. Ikani bolodi pakhomo lolembedwa malo amene akupereka chithandizo, misewu imene yatsegulidwa ndi manambala ofunika, ndipo uthenga uliwonse ukhale ndi tsiku, nthawi ndi kumene wachokera, chifukwa pa nthawi yotere mphekesera zimayenda mofulumira ndipo uthenga wa dzulo ukhoza kusocheretsa munthu lero. Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ikhale panja, kutali ndi mawindo ndi zitseko, popeza utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Musalonjeze kuti laibulale ikhala malo ogona pokhapokha mutagwirizana kale ndi akuluakulu oona za ngozi, chifukwa ntchito imeneyo imafuna chakudya, chitetezo ndi azaumoyo, zimene laibulale ilibe.

Ogwira ntchito nawonso ndi anthu a m'dera lomwelo, ndipo ena amakhala atataya nyumba kapena abale. Gawani ntchito m'maola ochepa, apatseni nthawi yopuma ndi yokonza za kwawo, ndipo musadabwe kutopa kwenikweni kukayamba kuoneka patapita milungu ingapo. Anthu ongodzipereka ndi dalitso lalikulu ngati pali wowalembetsa, wowaphunzitsa mwachidule kagwiridwe ka buku lonyowa, ndi wowayang'anira. Anthu akufuna kwabwino adzafunanso kukutumizirani mabuku akale, ndipo ndi bwino kuwathokoza n'kuwafotokozera mwaulemu kuti pakali pano mulibe malo ouma osungira kapena anthu osankhula, choncho thandizo la ndalama kapena la mabuku amene inuyo mwatchula ndi limene lingafike patali. Sungani malisiti onse ndipo lembani maola a aliyense wogwira ntchito kuyambira tsiku loyamba, chifukwa a inshulansi ndi a boma adzafuna umboni umenewu.

Musafulumire kubwezera mabuku m'mashelefu. Makoma, simenti ndi matabwa zimasunga chinyontho kwa milungu yambiri ngakhale pamwamba pakuoneka pouma, choncho yezani chinyontho cha m'chipinda tsiku ndi tsiku mpaka chitakhazikika pansi pa 60 peresenti kwa masiku angapo otsatizana. Tsukani mashelefu ndi kuwaumitsa bwino, ndipo mabuku amene ananyowapo aikidwe paokha, motalikirana pang'ono chifukwa amakhala atafufuma, kuti muziwayang'ana mlungu uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Pa nthawi yomweyo, zinthu zisanaiwalike, itanani onse amene anagwira ntchitoyi kuti afotokoze nambala ya foni imene sinagwire, chipangizo chimene chinasowa ndi khomo limene madzi analowera, ndipo konzani pepala lopindika lija, mudzazenso mabokosi a zipangizo, ndi kusankha malo atsopano a zinthu zosowa molingana ndi mzere umene madzi anasiya pakhoma.